Tulo ta Mkamwana wa a Mwangalaba

Pakhomo pa a Zebedee Mwangalaba ku Mwenilondo panali lamulo limene Zione analiphunzira asanadziwe n'komwe kumene kuli mjigo. Mkamwana saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Akawamva akubwera amapatuka, kulowa m'nyumba kapena kuzungulira kuseri, ndipo ngati pali mawu oti auzane, amadzera mwa munthu wina. Mabanja ambiri ku Karonga mwambo umenewu anaufewetsa kale, ena anausiyiratu, koma a Mwangalaba anali mkulu wa mpingo wouma khosi, ndipo zimene anasiya makolo awo sankalola kuti munthu azigwedeze.

Nkhanza analibe, zimenezo tiwayamikire. Pofuna kuti mwana wa eni ake asavutike, ankaliza belu la njinga yawo akafika pa mtengo wa mango wa kumsewu, kenako n'kutsika, n'kumakankha njingayo pang'onopang'ono kuti mkamwana apeze mpata wochoka. Vuto linali lakuti khomolo lili m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo njinga za kabaza, zimene kuno amati kago, zimaliza mabelu tsiku lonse. Belu la a Mwangalaba linali long'aluka, lolira mosasa, choncho ntchito ya Zione inali kulitola pakati pa mabelu ena onsewo. Chaka chake choyamba pabanjapo sanaliphonyepo.

Kwawo kwa Zione kunali ku Dedza. Anadziwana ndi Ambokile, mwana wa a Mwangalaba, pamene mnyamatayo ankapita ndi matumba a usipa ku msika wa ku Lilongwe. Malowolo anaperekedwa onse, ndipo kuno zikatero ana amakhala a kwa bambo. Amayi ake a Ambokile anamwalira kale, moti woyendetsa khomo anali Yunike, mlongo wake wamkulu. Yunike anali mayi wogwira ntchito mosadzimvera chisoni, wosadziwa kunama, koma pakamwa pake panali pakuthwa ngati lumo. Kuyambira pachiyambi ankanena kuti atsikana a m'chigawo chapakati ulemu wawo ndi wa pamaso, ndipo ankadikira tsiku loti mawu ake apherezeke.

Tsikulo linabwera ndi mwana. Ipyana anabadwa wonenepa bwino, wokongola, koma wolira usiku ngati analembedwa ganyu. Ambokile ankakhalitsa ku Ngara, usiku ali panyanja, masana ali mtulo kumeneko, ndiye khandalo linali la Zione yekha. Tambala akalira iye anali atadzuka kale kusesa, kutunga madzi ndi kuyanika usipa pathandala. Masana sakanagona, chifukwa mkamwana wopezeka ali gone dzuwa lili pamutu mbiri yake ya ulesi imafika ku tchalitchi Lamulungu lisanakwane. Kenako pamudzipo panagwa maliro awiri otsatizana, ndipo pamaliro amene amatunga madzi, kuphika ndi kuchezera kuimba ndi akamwana. Zione anagwira zonsezo mwana ali kumsana. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti moni wa kuno ndi "mughonile", kufunsa ngati munthu wagona, ndipo Zione ankalandira moni umenewu m'mawa uliwonse popanda ndi mmodzi yemwe womuyang'ana m'maso kuti aone yankho lake.

Kenako belu lija anayamba kulimva mochedwa. Ulendo woyamba anachedwa kunyamuka pamene anakhala, njinga itafika kale pankhokwe. Wachiwiri anathawa apongozi atamuona kale msana. Yunike anamudzudzula, Zione anapepesa, nkhani n'kugona pomwepo. Koma Loweruka lina masana anakhala pakhonde, lichero la mpunga lili pamiyendo, maso ali kumsewu. Belu linalira pamango. Linaliranso. A Mwangalaba, amene tsikulo anali ndi akulu ampingo anzawo awiri, anakankha njinga yawo mwachizolowezi mpaka anafika pakhonde penipeni, ndipo mkamwana wawo anali pomwepo, akuwayang'ana kumaso ngati akuona mtengo. Panapita kanthawi Zione asanazindikire. Atazindikira anataya lichero n'kuthawira m'nyumba, mpunga uli mbwee pabwalo. Mkuluyo anangotembenuka, n'kukakhala pansi chofulatira nyumbayo, manyazi atawagwira pamaso pa alendo.

Madzulo ake Yunike anagamula, ndipo bambo ake sanatsutse. Mwezi ukatha Zione apite ku Dedza, makolo ake akamulangizenso. Mwana apita naye poti akuyamwa, koma akadzangosiya bere, a kwa bambo adzapita kukamutenga. Aliyense ankadziwa tanthauzo la ulendo wotere. Akazi opita kukalangizidwa ambiri sabwerera, ndipo mwana akatengedwa, amake amangomuonera pa foni. Zione anaimbira amayi ake akulira, iwo n'kumuuza kuti angobwera, akonza chipinda.

Ambokile atabwera kuchokera ku Ngara anapsa mtima, koma anali munthu wofatsa, wosazolowera kutsutsana ndi mlongo wake. Chimene anakwanitsa ndi kupempha chinthu chimodzi. Anamva kuti sabata imeneyo kuboma kwabwera gulu la madokotala a makutu ndi makina awo, ndiye anati mwina mkazi wake makutu akudwala, akamuyeze kaye. Yunike anavomera mwachangu, n'kunena kuti apita nawo kuti akamve yekha, asadzauzidwe za m'maluwa.

Lolemba m'mawa anakwera minibasi onse atatu ndi mwana. Amene anawalandira anali mayi wina wamfupi wa ku Mulanje, dzina lake Thelma, woyankhula mofulumira komanso woseka msanga. Anasuzumira m'makutu mwa Zione ndi katochi, kenako anamuveka mahedifoni n'kumuuza kuti azikweza dzanja akamva kulira kulikonse, ngakhale kwapansipansi. Zione anakweza dzanja pa kulira konse, kwakukulu ndi kwakung'ono komwe. Thelma anavula mahedifoniwo n'kunena mosangalala kuti makutu onse awiri ndi abwinobwino. Iye ankayesa kuti akupereka uthenga wabwino.

"Mwamva, achimwene?" anatero Yunike, akukonza chitenje kuti adzuke. "Makutu ali bwino chomene. Sono chatsala n'chiyani? Mwano basi."

Ambokile anazyolika. Apa m'pamene Zione, amene chifikire sanatsegule pakamwa, anakana kudzuka pampando. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anafotokozera Thelma nkhani yonse, ya belu, ya lichero ndi ya basi ya ku Dedza, kenako anati:

"Adokotala, ine sindikukana kuti belulo linalira. Mwina ndinalimvadi. Koma masiku ano mawu amandifika ngati munthu akuitana ali kutsidya kwa mtsinje, ndikamati ndizindikire kuti ndi ine akundiitana, zinthu zachitika kale. Ngati si makutu, ndiyezeni pena. Sindichoka muno ndi dzina la wamwano."

Thelma anasiya kuseka. Ananena kuti nayenso anaona kuti dzanja la Zione limakwera mochedwa ngakhale silinaphonye, ndiye anamufunsa kuti anagona liti tulo tokwanira komaliza. Zione anaganiza, n'kuyankha kuti sakukumbukira, mwina mwana asanabadwe. Yunike anatsonya, n'kunena kuti palibe mayi amene amagona, iyenso analera ana ake osadandaula.

Thelma sanakangane naye. Anawatengera m'kachipinda kena kumene kunali kompyuta ndi kabokosi ka timawaya. Anapukuta Zione pamphumi, paliwombo ndi kuseri kwa makutu, n'kumata timawayato ndi phala loyera. Ambokile anafunsa mwamantha ngati makinawo alowetse magetsi m'mutu mwa mkazi wake. Thelma anamuuza kuti asade nkhawa, magetsi ali kale m'mutumo. Anafotokoza kuti khutu likalandira phokoso limatumiza uthenga ku ubongo mwa timagetsi tochepa kwambiri, ubongo n'kuyankha ndi timagetsi takenso, ndipo timawayato ntchito yake n'kungomvetsera kukambirana kumeneko.

Mayeso ake anali osavuta. M'mahedifoni muzilira kaphokoso kamodzimodzi mobwerezabwereza, koma mwa apo ndi apo muzilira kena kosiyana, kokwera pang'ono. Zione atseke maso, ndipo akamva kosiyanako azidina batani. Zione atamva zimenezi anatsegula maso n'kunena kuti imeneyo ndiye ntchito imene amagwira kunyumba tsiku lililonse, kudikira belu limodzi pakati pa mabelu a kago. Thelma anavomera kuti n'chifukwa chake wasankha mayeso amenewa.

Atamaliza, pa kompyuta panaoneka mzere wokwera ndi kutsika. Thelma analoza timatumphuka ta koyambirira, n'kunena kuti timeneti tikusonyeza kuti phokoso lafika mu ubongo, ndipo tili m'malo mwake. Kenako anasuntha chala kutsogolo. Anati apa, pakangopita nthawi ngati ya kuphethira kamodzi, munthu akamva phokoso losiyana ndi anzake, mzere umakwera n'kupanga chitunda chooneka bwino. Chitunda chimenecho ndi ubongo ukunena kuti ili ndi lina, tcheru. Pa mzere wa Zione chitundacho chinalipo, koma chinali chachifupi ngati mzere wa mbatata wokokoloka ndi mvula, ndipo chinabwera mochedwa.

"Khutu likugwira ntchito yake," anatero Thelma. "Uthenga ukufika pakhomo, koma woulandira akuchedwa kudzuka. Munthu akakhala nthawi yaitali osagona, izi zimachitika. Komatu ndisakunamizeni, mayi. Pali zinthu zinanso zimene zimatsitsa mzerewu, ndipo anthu timasiyana. Kuti tidziwe ngati ndi tulo, munthu yemweyu agone mokwanira masiku angapo, ndiye timuyezenso. Ife tili kuno mpaka Lachisanu."

Yunike anaseka, n'kunena kuti sanamvepo chipatala cholembera munthu ulesi ngati mankhwala. Zione anachotsa yekha mahedifoni. Sanayambe wayankhapo mlamu wake, koma mantha otaya mwana anaposa mantha oopa Yunike.

"Alamu, tengani Ipyana azigona kwa inu mpaka Lachisanu. Muzingobwera naye akafuna kuyamwa. Ine ndigone. Tikabwera Lachisanu mzerewu ukakhala chimodzimodzi, simudikira kuti mwezi uthe. Ndikwera basi ndekha Loweruka, ndipo sindidzalimbana nanu za mwana."

Ambokile anamugwira mkono kuti asiye, koma mawu anali atatuluka kale. Thelma nayenso anachenjeza kuti makina ake si bwalo la milandu, ndipo sangalonjeze chimene adzaonetse. Zione anati wamva, koma njira ina alibe. Yunike anatambasula manja n'kulandira mwanayo. Anati kamwana kamodzi sikangamuopse iye amene analera anayi.

Atafika kunyumba, Ambokile anakafotokozera bambo ake. A Mwangalaba anamvetsera, n'kuyankha kuti mpaka Lachisanu mkamwana asagwire tsache kapena ndowa, ndipo iwo azidzera njira ya kuseri.

Mukaganiza kuti kugona n'kosavuta, simunagonepo banja lanu lili pa sikelo. Tsiku loyamba Zione tulo sanatione bwino. Ankangotembenuka pamphasa, khutu lili ku nyumba ya Yunike, mabere atadzaza, mutu uli pa basi ya Loweruka. Kutacha thupi linamudzutsa lokha nthawi ya tambala, ndipo anapezeka ali pakhomo tsache lili m'manja asanakumbukire kuti waletsedwa. Analibweza pamalo pake n'kukagonanso, manyazi akumudya. Masana amayi oyandikana nawo anabwera kudzazonda wodwala. Atauzidwa kuti palibe wodwala, mkamwana akungogona, anabwerera akugwirana mapewa ndi phwete, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika ku mjigo. Zione ankamva zonsezo ali m'kati. Anafunda chitenje kumutu n'kudziuza kuti amene akusekawo sadzamulerera mwana wake.

Lachitatu thupi linagonja. Anagona tulo tofa nato, moti Yunike pobwera ndi mwana ankachita kumugwedeza, iye n'kuyamwitsa maso ali otseka, n'kugweranso pamphasa. Anadzuka dzuwa litakwera, ali ndi njala yoopsa, ndipo anamaliza yekha mbale ya mbalagha, nthochi zophikidwa ndi nyama, imene inali ya anthu awiri. Lachinayi anadzuka n'kudabwa kuti akumva zinthu zimene anaziiwala. Ankatha kusiyanitsa tambala wa pakhomo ndi wa oyandikana nawo, ndipo mwana atalira ku nyumba ya Yunike anadziwa nthawi yomweyo kuti kumeneko n'kulira kwa thewera, si kwa njala.

Ku nyumba ya Yunike zinthu sizinali bwino. Ipyana sanasinthe khalidwe chifukwa chosintha nyumba. Yunike sanadandaule, poti kudandaula sankakudziwa, ndipo ntchito za Zione anazisenza zonse pamwamba pa zake, chifukwa sankafuna kuti wina anene kuti khomo la bambo ake laima. Koma pofika Lachisanu m'mawa maso ake anali ofiira psuu, ndipo mu minibasi kondakitala anachita kumugwira paphewa atamufunsa kangapo kumene atsikire.

Thelma anamata timawaya pamutu pa Zione monga poyamba. Kachipindako kanali zii, kupatula mwana amene ankayamwa chala pamiyendo ya bambo ake. Zione anatseka maso, ndipo ulendo uno kaphokoso kosiyanako kankamufika poyera, chala n'kudina chokha. Komabe pamene Thelma ankatembenuza kompyuta kuti onse aone, Zione anagwira mpando ndi manja onse awiri, pakuti chimene iye wamva si chimene akanapita nacho kwa apongozi.

Thelma anaika mizere iwiri pamodzi, wa Lolemba wofiira, wa tsikulo wobiriwira. Koyambirira inkayenda limodzi. Kenako wobiriwira unanyamuka n'kupanga chitunda chachitali, wofiira ukadali pansi, ndipo pamene wofiirawo unkayamba kukwera pang'ono, mnzakewo unali utayamba kale kutsika. Panalibe chofunika sukulu kuti munthu aone kusiyana kwake. Thelma anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti mutu ndi womwewo, makutu ndi omwewo, makina ndi omwewo, chasintha ndi tulo tokha.

Zione anaseka. Anaseka mokweza, misozi ikutsika, timawaya tikugwedezeka pamutu, ndipo sanasamale kuti mlamu wake ali pomwepo. Chimwemwe chake chinali cha munthu amene wabwezeredwa dzina lake. Ambokile anadzuka n'kujambula kompyutayo ndi foni.

Yunike anati mwina makinawo amakondera munthu amene amuzolowera. Zione sanayankhe mwaukali. Anadzuka pampando, n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuuza mlamu wake mwaulemu kuti akhalepo, makinawo sanawaonepo. Yunike si munthu wothawa. Anavula duku, n'kulola kuti amumate timawaya, n'kugwira batani mwamphamvu ngati mpini. Poyamba ankadina bwino. Kenako anayamba kudina mochedwa, kwina n'kuphonya, ndipo mayeso asanathe mutu unagwera pachifuwa. Anadzidzimuka yekha n'kufunsa ngati ayamba. Mzere wake unatuluka wogona pansi kuposa wa Zione wa Lolemba uja. Thelma, poti ndi munthu wa chilungamo pa ntchito yake, anayamba kufotokoza kuti sangaweruze bwino popanda kumuyezanso atagona, koma Yunike anamudula.

"Musavutike, adokotala. Ine ndadzimva ndekha."

Pa ulendo wobwerera Zione anayambanso kuda nkhawa, chifukwa wokanena kwa mkulu uja zimene zaoneka anali Yunike yemweyo.

Masana a Mwangalaba anakhala pampando wawo pafupi ndi nyumba ya Ambokile, atafulatira zenera. Zione anakhala pansi m'kati, kuseri kwa zeneralo, mwana ali pamiyendo. Yunike ndi Ambokile anakhala panja. Ambokile anapereka foni, mkuluyo n'kuiyang'ana kwa nthawi ndithu, kuitalikitsa, kuiyandikitsa, kenako anaibweza n'kunena kuti mizere ya azungu iwo saidziwa, akufuna amve kwa mwana wawo wamkazi, amene sanawanamizepo.

Yunike anafotokoza zonse, osachotsa kapena kuwonjezera. Ananena za makutu abwino, za mzere wa Lolemba ndi wa Lachisanu, ndipo za kuodzera kwake pampando sanabise. Pomaliza anatsitsa mawu.

"Tata, dzulo munandiitana muli ku khola. Ndinabwera mochedwa, ndipo munandifunsa ngati ndayamba mwano. Ine sindinadziwe kuti mukundiitana. Masiku ochepa okha andichita zimenezo. Mulamu wakhala choncho chibadwire mwanayu, ndipo ine ndinamutcha wamwano. Ndinalakwa."

Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati mkamwana ali ndi mawu. Apa mwambo umachititsa zinthu zoseketsa, chifukwa zenera linali lotsegula ndipo aliyense ankamva bwinobwino, koma mawu ankayenera kudzera mwa Yunike. Zione anayankhula momveka, akuloza mawu ake kwa mlamu wake. Anati alamu awauze atate kuti mwambo wa pakhomo pano iye amaulemekeza ndipo apitiriza kuusunga. Koma awauzenso kuti sangathe kuusunga ngati sagona, ndiye akupempha kuti mwana akagona masana nayenso azigona popanda kutchedwa waulesi, ndipo pamaliro akamwana azisinthana kuchezera. Yunike anabwereza mawu onsewo kwa bambo ake, limodzi ndi limodzi, ndipo pofika pa mawu akuti waulesi anachita kutsokomola kaye.

A Mwangalaba anayankha akuyang'ana kumsewu. Anati ng'ombe yolima nayonso imamasulidwa m'goli dzuwa likakwera, ndipo munthu amene saimasula sayenera kuikwapula ikagwa mumzere. Manyazi a tsiku lija anati si mkamwana anawabweretsa, ndi khomo lonse, kuyambira iwo eni. Zimene wapempha zichitike, ndipo za kusinthana pamaliro akazinena okha ku mpingo. Kenako anakweza mawu pang'ono.

"Umuuze mayi wa Ipyana kuti sapita kulikonse. Pano ndi pake."

Yunike anatembenukira kuzenera kuti abwereze, koma anangoti, "Mwamva, mulamu." M'katimo Zione anagoneka mwana pamphasa, n'kugwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu kuti mkuluyo amve. "Ndagha," anathokoza motero a Mwangalaba, n'kunyamula mpando wawo.

Atangochoka, Zione anatulukira pakhonde, n'kutenga foni ya mwamuna wake, n'kuimbira ku Dedza. Amayi ake anayankha mwachangu. Asanamupatse mpata anayamba kumuuza kuti asalire, chipinda achikonza kale, achotsamo matumba a chimanga, ndipo anthu akanena anena, atopa okha. Zione anawasiya amalize. Amayi a ku mjigo aja ankadutsa mumsewu ndi ndowa zawo, ndipo iye sanatsitse mawu.

"Bwezeranimo chimangacho, amayi. Ine sindikubwera. Mukafuna kuona mdzukulu wanu, mukwere basi ndinu, mudzandipeza pakhomo panga."